Mbira Ziwiri Kuseri kwa Nkhuni

Ndinakwatiwa ndi mwamuna woopa madzi. Kwathu kwa Mponda, kumene Shire amatulukira m'nyanja, zimenezo n'zoseketsa, chifukwa mwamuna amadziwika ndi nkhafi. Amuna anga anali a kumapiri a ku Ntcheu. Tsiku loyamba kuwakweza bwato anagwira m'mbali ndi manja onse awiri, maso ali tong'o, mpaka tinakocheza tsidya. Amjomba anga, mlongo wawo wa malemu amayi, amene anali mwini mbumba yathu, anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mkamwini uyu tidzadya naye chiyani?" Munthuyo ndinkamukonda, ndipo sopo m'nyumba sankasowa.

Ankagwira ntchito pa famu ina yoyeserapo mbewu, kumtunda, ulendo wa panjinga. Ntchito yawo inali yopopera mankhwala opha udzu m'minda ya thonje. Masiku amenewo zinali zachilendo. Anthu ankaima m'mbali mwa msewu kudabwa ndi munda woyera mbee wosapitamo khasu, ena n'kumati azungu afika pena. Amuna anga ankabereka sipuleya kumsana tsiku lonse, atavala kabudula, opanda nsapato. Sipuleyayo inkadontha. Pobwera madzulo malaya ankakhala atanyowa msana wonse, akununkha fungo lina lokhala pakhosi, ndipo wochapa ndinali ine.

Tsiku lina anabwera atamangirira chigubu pa keliyala ya njinga. Akapitawo ankagawa zigubu zimene mankhwala atha, ndipo ulendo umenewo mwayi unagwera ife. Chinali choyera, cholimba, chachivindikiro chabuluu. Iii, mmene ndinasangalalira! Ndinachitsuka ndi phulusa ndi mchenga, kuchiyanika padzuwa, n'kuyamba kusungiramo madzi akumwa. Anzanga ankapita kudooko ndi mitsuko ndi ndowa zotayikira, ine ndikuyenda monyadira ndi chigubu changa chosataya ngakhale dontho. Kafungo kankatsalira pang'ono m'madzimo, koma tinkati n'kafungo ka chinthu chatsopano.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso, ine osaima. Anzanga amene tinavinidwa limodzi anali atayamba kuitanidwa ndi mayina a ana awo, amake uje, amake uje. Ine ankandiitanabe ndi dzina langa la pautsikana ngati mwana wa sukulu. Kokonzekera magule a chipani, amayi a makanda ankaloledwa kukhala pamthunzi, ine n'kumauzidwa kuti, "Iwe ulibe chobereka kumsana, ima kutsogolo." Ndinavina kutsogolo mpaka mapazi kung'ambika. Pakhomo la msika amayi oyembekezera ankadandaula kuti anyamata a chipani awagulitsa khadi la mwana amene ali m'mimba. Iwo akudandaula choncho, ine mtima unkandipweteka ndi nsanje. Ndinkafuna atandiimitsa inenso.

Kenaka kunabwera tsiku la nkhwangwa. Amuna anga anafika dzuwa likadali pamutu, nthawi imene sankafika. Sanapereke moni. Anatsamiritsa njinga, kulowa m'nyumba, kutulutsa chigubu changa chili chodzaza ndi madzi, n'kuchitema ndi nkhwangwa pakati pa bwalo. Madzi anangoti khuthu, nkhuku n'kubalalika.

"Bambo, mwapenga?" ndinakuwa. "Mwamwa chiyani lero? Chigubu chakulakwirani chiyani?"

Anachitemanso kachiwiri, kachitatu, n'kukakwirira zidutswazo kuseri kwa chimbudzi. Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinawanena za kwawo kumapiri, za bwato, za zonse zimene ndinkazikumbukira. Iwo anangokhala pakhonde, manja ali pakati pa miyendo. Madzulo sanadye. Kutacha ndinawapeza akupinda mkeka pabalaza, ati kuchipinda kunkatentha.

Zoona kunkatentha, Mangochi sasewera mwezi wa khumi. Koma kutentha komweko tinali titagona nako limodzi chaka chatha. Mkeka uja unakhazikika pabalaza. Ine ndinaganiza zimene mkazi aliyense angaganize, kuti kufamu kuli wina. Ndinayamba kuwanunkhiza malaya, koma malaya ankangonunkha thukuta ndi ndowe, pakuti anali atapempha kuchoka kopopera n'kupita kosamala ng'ombe za ngolo. Zimenezonso sanandiuze, ndinamva kwa mkazi wa mnzawo.

Loweruka lina ndinawatsatira kudimba lathu la m'mbali mwa mtsinje. Ndinawalanda khasu n'kukhalira.

"Lero mundiuza," ndinatero. "Ngati mwapeza wina, nenani, ndikumangireni katundu ndekha."

Anayang'ana uku ndi uku kaye. Masiku amenewo sunkadziwa amene akumvetsera, ngakhale m'bango. Nkhani zolera zinali zoletsedwa, tsono munthu ukayambe kunena kuti mankhwala a m'munda akutseka mimba za anthu? Ukanafunsidwa kuti wakutuma ndani. Anakhala pansi pafupi nane n'kuyamba kulankhula motsitsa mawu.

Anati kufamu mbuzi zimene zinkadya m'mphepete mwa minda yopoperayo zinkataya ana asanakhwime. Ndiye kunabwera dokotala wa ziweto, Mmalawi mnzathu, wosalankhulalankhula, kudzafufuza. Iye anaitanitsa mbira zambiri n'kuziika m'makola awiri. Khola lina ankazipatsa udzu wabwino, khola lina udzu wopoperedwa mankhwala. Amene ankamweta udzu wopoperedwawo n'kukapereka kukhola anali amuna anga. Patapita miyezi, khola la udzu wabwino linadzaza ana mpaka kusowa popondera. M'khola linalo munali zii. Zina sizinkatenga bere, zina zinkataya, zina zinkaswa ana akufa.

"Tsiku lija ndinatema chigubu," anatero amuna anga, "adokotala anandiitana kuti ndiwagwirire beseni. Anang'amba zamphongo za makola onse awiri n'kuika ziwalo zake pambale. Za udzu wabwino zinali zodzaza. Za udzu wanga uja, mayi, zinali zofota ngati mtedza wosakhwima. Kenaka anang'amba yaikazi. M'chiberekero munali tiana takufa."

Anathyolathyola kamtengo, n'kupitiriza.

"Ine ndakhala ndikusamba mankhwala amenewo kumsana. Inu ndakumwetsani m'chigubu. Ndikakupatsani mimba, mwana n'kufera m'kati ngati mbira ija, ndidzakhala ndakuphani ndine."

Mkwiyo wonse unandithera pomwepo. Ndinawachitira chisoni, ndiponso ndinachita mantha. Ndinafunsa ngati anawafunsa adokotalawo za anthu. Anati anawafunsa, ndipo anayankha kuti mbira si munthu, komanso kuti udzu umene zinkadya unali ndi mankhwala ambiri kuposa amene amakhudza wopopera, koma sangawanamize kuti akudziwa. Anawalangiza kuti ataye chigubu ndipo asamalole mankhwala kuwakhudza pakhungu. Atawafunsa ngati mankhwalawo amachoka m'thupi, adokotala anati iwonso ankafuna kuona zomwezo, kuzibwezera mbirazo pa udzu wabwino n'kudikira. Koma anali atauzidwa kale kuti alongedze katundu, akuwasamutsa. Palibe amene anafunsa chifukwa chake.

Adokotala atachoka, akapitawo analamula kuti mbira zotsala za khola lodwala ziphedwe n'kukwiriridwa. Amuna anga anatumidwa kukumba dzenje. Pamene anzawo anali kalikiliki, iwo anatola ziwiri mwachangu, yaikulu ndi yaing'ono, n'kuziponya m'thumba limene ankatengeramo chinangwa chophika cha masana. Anafika nazo kunyumba mtima uli m'mwamba.

"Yaikuluyi ndi yamphongo, yaing'onoyi ndi yaikazi," anandiuza. "Tizidyetsa zabwino zokhazokha. Zikaswa ana amoyo, ndiye kuti mankhwala amachoka m'thupi, ndipo ine ndipinda mkeka uja. Zikapanda kuswa, ndikusiyani mukwatiwe ndi wina."

"Ndiye banja langa lili m'manja mwa makoswe awa?" ndinafunsa.

"Si makoswe, ndi mbira."

Ndinakangana nawo mpaka mawu kundithera, koma munthu wofatsa akakakamira chinthu sasunthika. Tinazimangira kakhola ka bango m'khitchini, kuseri kwa mulu wa nkhuni. Sitikanauza munthu, chifukwa zinali zotengedwa kufamu popanda chilolezo, ndipo wofunsa za mbira akanafunsanso za mankhwala.

Mbira zimenezo ndinazilera ngati ana a mfumu. Kholowa wanthete ndinkathyolera izo, ife n'kudya wokhwima. Makoko a nthochi, madeya, udzu wa m'mbali mwa mtsinje umene ndinkatsuka kaye ndi madzi, zonse zinali zawo. Poyamba zinali zowonda, ubweya uli nyankhalala, koma posakhalitsa zinayamba kusalala. Vuto lake mbira sidziwa chinsinsi. Tsamba likangoti khwaa, zinkayamba kulira, kwii kwii kwii, mudzi wonse kumva. Mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, mayi wachisilamu wogulitsa mandasi, anandifunsa kangapo kuti m'khitchini mwanga mukulira chiyani. Ndinkati ndi anapiye. Iye ankangoti, "Anapiye a kwanu amalira mwachilendo," n'kumapita.

Tsiku lina ndinaona yaikulu ikuthamangitsa yaing'ono, ikung'ung'udza, kenaka n'kuikwera. Ndinathamangira kumsewu kukachingamira amuna anga. Poganiza kuti zatheka, tinakondwerera mpaka kugula ndi shuga yemwe. Patapita nthawi yaing'ono ija inayamba kukula mimba. M'mawa uliwonse ndinkaigwira m'mbali mosamala, n'kumadziuza kuti ndamva kanthu kakugunda. Tinadikira. Mvula inayamba, chimanga chinamera, chinafika m'mawondo, chinamasula, mbira ili chinenepere. Bere lake linali la kholowa.

Nthawi yomweyo amjomba anabwera. Anakhala pakhonde, anakamba za mwera umene unaononga makoka, za mtengo wa utaka, za denga la tchalitchi limene linkadontha. Ndinadziwa kuti akuzungulira. Pomaliza anatsokomola.

"Mwana wa mlongo wanga, mbumba ikutha. Amako anasiya iwe wekha. Mkamwini uyu tamupatsa malo, tamupatsa dimba, koma pakhomo pano pali zii. Tikakolola tidzakhale pansi ndi ankhoswe a kwawo."

"Amjomba, ana amapereka ndi Mulungu."

"Eya, amapereka ndi Mulungu, koma amadzera mwa munthu. Kuli mwamuna wina ku Monkey Bay, mkazi wake anamwalira, ali ndi ana, ali ndi khoka lakelake la chilimira. Kapena ngati ukumukakamira wakumapiriyu, pali njira ina imene akuluakulu amaidziwa. Amapezeka munthu wodzathandiza m'nyumba mwakachetechete."

Ndinaimirira osapempha. Ndinawauza kuti ine ndinadalitsidwa ukwati kutchalitchi, ndipo munthu wothandizayo akadzabwera adzapeza madzi owira akumudikira. Amjomba sanakwiye. Anatola chipewa chawo n'kubwereza kuti, "Tikakolola." Atachoka ndinalowa m'khitchini n'kulira pamaso pa mbira ziwiri zija, izo zikutafuna.

Amuna anga atamva anangoti, "Amjomba akunena zoona." Anayamba kukonza njinga yawo, kusintha matayala, kumanga keliyala, monga munthu wokonzekera ulendo wautali. Ndinawapempha kuti tisiye za mbirazi, tiyese basi, chimene chichitike chichitike. Anakana. Anati chimene anaona pambale paja sichiwachoka m'maso.

Chimanga chili pafupi kuuma, amjomba anatumiza amayi aang'ono kuti adzandifunse za m'nyumba, zimene mwamuna sangafunse. Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi anga, ankakhala ku Nkope ndipo ankagulitsa usipa wouma. Anali mayi wamfupi, wa mawu ngati mwamuna, wofwenkha fodya wa m'mphuno, ndipo ndiwo anandilera amayi atamwalira. Anafika ndi dengu pamutu. Asanakhale n'komwe analowa pabalaza, maso n'kugwera pa mkeka wopindidwa pakona, pamwamba pake pali bulangeti ndi kamtsamiro.

"Muli ndi mlendo?"

"Ayi, mayi."

"Nanga agona apa ndani?"

Ndinati ndi mkeka wongokhalira masana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundikoka dzanja kupita nane kukhitchini. Anatsitsa dengu lawo pansi. Pamwamba pa usipa anali atavundikira masamba a nthochi ouma, ndipo atangowagwira, masambawo anati khwaa. Kuseri kwa nkhuni kunayambika, kwii kwii kwii!

"Anapiye," ndinatero.

"Iwe, ine ndaweta mbira usanabadwe. Chotsa nkhunizo."

Ndinachotsa nkhuni, ndipo ndi nkhuni zomwezo chinsinsi chonse chinatuluka. Ndinawauza za sipuleya, za chigubu, za makola awiri, za mbale ya adokotala, za mkeka, za lonjezo la amuna anga. Ndinkalankhula ndikulira, mamina ali chuchuchu. Iwo sanandidule. Nditamaliza anafwenkha fodya, kupukuta zala pachitenje, n'kugwada pakakhola paja.

"Yaikazi ndi iti?"

Ndinaloza yaing'ono. Anaigwira pamsana, kuitembenuza chagada, n'kudina ndi chala m'munsi mwa mimba. Anaiyang'ana. Anaibweza, n'kutenga yaikulu, kuitembenuzanso. Kenaka anakhala pansi, miyendo tambalale, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika, akumenya pansi ndi chikhatho.

"Mayo ine! Ana inu mundipha! Atonde okhaokha awa!"

"Mwati chiyani, mayi?"

"Zonse ziwiri n'zamphongo! Bwera uone wekha. Ichi n'chiyani? Nanga ichi?"

"Koma zimakwerana," ndinatero.

"Zikasowa mkazi zimatero! Mukanadikira mpaka imvi."

Sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndikuwe. Ndinakumbukira kholowa yense uja, shuga uja, m'mawa monse muja ndikusisita mimba ya tonde. Ndinakhala pa mtondo n'kuyamba kuseka nawo, kenaka kulira, kenaka kusekanso. Chinthu chimene chinandikhala pachifuwa miyezi yonseyo chinatsika. Sizinatanthauze kuti tili bwino, koma zinatanthauza kuti mbira sizinatiweruze.

Tili mkati moseka tinamva belu la njinga. Amuna anga anali atafika. Tsono mwambo wathu sulola mkamwini ndi apongozi ake aakazi kuyang'anana m'maso, kapena kukamba nkhani za kuchipinda. Amuna anga ataona dengu pakhomo la khitchini anaima kuseri kwa mpanda, n'kupereka moni ali komweko. Amayi aang'ono anayankha moniwo mwaulemu wonse. Kenaka anatembenukira kukakhola kaja, kukweza mawu awo a pamsika, n'kuyamba kulankhula ndi mbira.

"Inu abambo awiri inu, pepani, anakuikani m'nyumba imodzi kuti muberekane. Amene anakusankhani sanakutembenuzeni, anangoona msinkhu. Mlandu si wanu. Koma ndikuuzeni, abambo inu, kuti ngakhale tikubweretsereni mkazi, mukamagona wina uku wina uko, mudzafa opanda mwana. Ine sindinaonepo mimba yolowa kudzera pakhoma, kuchokera pabalaza kupita kuchipinda. Mwamva, abambo inu?"

Patapita kanthawi tinamva njinga ikugwa, kenaka mapazi akulowera kudimba. Anabwerako dzuwa litapendeka, amayi aang'ono atapita kwa amjomba. Analowa m'khitchini, kutembenuza mbira zonse ziwiri, n'kukhala akuziyang'ana.

"Zinkaoneka ngati banja," anatero.

"Ifenso timaoneka ngati banja," ndinawayankha.

Zimene amayi aang'ono anawauza amjomba sindikuzidziwa zonse. Ndinangomva kuti anati, "Achimwene, nkhaniyi ndaiona, ndi ya ife amayi. Musaitane ankhoswe chaka chino." Amjomba ankawaopa mlongo wawoyo kuposa ng'ona. Ananyinyirika, koma anavomera kudikira kukolola kwina.

Sabata yotsatira amayi aang'ono anabweranso pa basi, mbira yaikazi ili m'dengu pansi pa usipa. Inali yamawanga ofiira, yonenepa bwino, yoti inaswapo kale. Tisanaiike m'khola anaitembenuza n'kundionetsa, kuti pasadzakhalenso zonena. Atonde aja, amene anakhala mwamtendere nthawi yonseyo, anayamba kulumana tsiku lomwelo, mpaka tinagawa khola pakati. Tinayamba kuiika ndi yaikulu. Inakhala nayo nthawi ndithu, osatenga. Amuna anga anayambanso kuyang'ana njinga yawo. Ndiye tinaisamutsira kwa yaing'ono.

Mkeka unali ukadali pabalaza. Mawu a apongozi anawachititsa manyazi, koma mantha anali asanathe. Inenso ndinali ndi funso langa. Mbira yaikaziyo inali ya ku Nkope, sinadyepo udzu wa mankhwala, pamene ine ndinamwa madzi a m'chigubu. Ikaswa, idzakhala yayankhira amuna anga, nanga ine adzandiyankhira ndani? Ndinawafunsa amayi aang'ono. Anati, "Iwe udzadziyankhira wekha. Si zonse zimene mbira ingakugwirire."

Ulendo uno mimba inakula mosiyana. Inatambalala m'mbali ngati chikwama, mbirayo n'kumayenda movutika, ndipo ndikaika chala ndinkamva kugunda kwenikweni. Sindinauze amuna anga msanga, ndinaopa za shuga zija. Anadzionera okha. Anayamba kudzuka m'mamawa kukamweta udzu asanapite kuntchito, n'kumautsuka okha, kawirikawiri.

Linali Lamlungu m'mawa, nyengo yozizira, ndikukoleza moto kuti tisambe tipite kutchalitchi. Ndinasuzumira kuseri kwa nkhuni n'kuona tinthu tikuyenda. Ndinayesa makoswe alowa. Nditayang'anitsitsa, tinali tiana. Ana a mbira sabadwa ngati a khoswe, amabadwa ndi ubweya, maso ali otsegula, ndipo tsiku lomwelo amathamanga. Kena kanali kofiira ngati make, kena kakuda ngati tonde wamng'ono uja, ndipo kakudako kanali katayamba kale kutafuna tsamba la kholowa.

"Bambo! Bambo, tabwerani!"

Anabwera ndi sopo kumaso, lumo lili m'manja. Anagwada. Anatola kakuda kaja n'kukaika pachikhatho, kukatembenuza, kukayang'ana miyendo, makutu, pakamwa. Kanawaluma chala. Munthu wamkulu uja anayamba kulira mokweza, sopo akusungunuka ndi misozi, akungobwereza kuti, "Kali moyo, mayi, kali moyo." Ine ndinawagwira phewa, ndipo nthawi imeneyo sindinawaseke. Kutchalitchi tinafika mochedwa, ulaliki uli pakati. Pobwerako anatenga mkeka uja n'kukauyala padzuwa kuti ndiyanikepo ufa.

Sizinachitike msanga. Mwezi unkabwera n'kundikhumudwitsa, kubweranso n'kundikhumudwitsanso. Koma tsopano tinkakhumudwa tili awiri, pamphasa imodzi. Mvula itayamba ndinaona kuti fungo la usipa likundinyansa, ine mwana wa kunyanja. Ndinakhala chete mpaka chitenje chinayamba kukwera kutsogolo. Tsiku lina pakhomo la msika mnyamata wa chipani wa malaya ofiira anayang'ana khadi langa, kenaka mimba yanga, n'kunena kuti, "Nanga la winayo?" Ndinamugula khadilo ndikumwetulira mpaka mnyamatayo anasokonezeka, n'kufunsa mnzake ngati ndili bwinobwino.

Miyezi yonse ya mimbayo amuna anga sanapume. Mwana akakhala phee pang'ono, iwo thukuta. Ndinkawagwira dzanja n'kuliika pamimba kuti amve okha. Za mankhwala aja, mpaka lero sindinganene kuti anatichita chiyani kapena sanatichite chiyani. Tonde wamkulu uja tinamuyesa ndi zazikazi zingapo, ndipo anafa ndi ukalamba osaberekapo. Wamng'ono anadzaza khola. Zinadya udzu umodzi, m'khola limodzi. Ndikaganiza zimenezo ndimachitabe mantha, chifukwa ifenso tikanatha kukhala mbali inayo. Amuna anga sanagwirenso sipuleya moyo wawo wonse, ndipo akaona chigubu cha mankhwala pakhomo la munthu ankalowa osaodira n'kukachiboola ndi msomali. Anthu ankati wakumapiri uja mutu wake suyenda bwino.

Ndinachira kuchipatala cha mishoni, dzuwa likutuluka, chimanga chili m'nkhokwe. Amayi aang'ono anali nane. Mwana analira mwamphamvu mpaka anamwino anaseka. Amuna anga ndi amjomba anali panja pansi pa mtengo wa mango, atakhala motalikirana ngati anthu osadziwana. Atawaloleza kuona mwana, amuna anga anamunyamula, kumuyang'ana zala, mapazi, makutu, monga anachitira ndi kambira kaja. Amjomba anafunsa ali pakhomo kuti, "Ndi mwana wanji?"

Amuna anga anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma amayi aang'ono anawatsogolera, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Achimwene, funsani ine. Pali anthu ena muno amene zimenezi saziona bwino. Ndi wamkazi, ndamutembenuza ndekha."

Amjomba sanamve chimene tinkaseka. Anangovula chipewa, kuyandikira, n'kugwira amuna anga dzanja ndi manja awiri. Anati mbumba yadzuka. Za mwamuna wa chilimira wa ku Monkey Bay sanazitchulenso.

Titatuluka m'chikuta, m'mawa wina ndinali kuseri kwa nyumba ndikuyanika matewera. Mnzanga wa mandasi uja anaitana ali kuseri kwa mpanda, akufuna moto. Anaitana kamodzi, kawiri, ine ndikungopitiriza kuyanika, ndikudabwa kuti mayi akuitanidwayo bwanji sakuyankha. Kachitatu anasuzumira pampanda n'kunena kuti, "Kodi mwagontha? Ndikuitana inu!" Anali akundiitana ndi dzina la mwana wanga.

Ndinaima ndi thewera lonyowa m'manja, madzi akutsikira m'zigongono. Ndinamuuza kuti moto ulipo, koma abwerere kaye kuseri kwa mpanda, aitanenso.